Bambo apezeka ndi Parkinson's ndipo akuti azichita mafizo, kodi zimathandizadi?

Nabanda_KamuzuRoad:
Abale a pa gulu lino, ndithandizeni nzeru. Bambo anga ndi telala, asoka kuno ku Salima moyo wawo wonse. Chaka chatha dzanja lawo lamanja linayamba kunjenjemera akangokhala pansi, kenako kayendedwe kanasintha: amakoka mapazi, masitepe ang'onoang'ono, msana wowerama. Titapita nawo ku Lilongwe adokotala anati ndi matenda a Parkinson's, anawapatsa mapilitsi a levodopa n'kulemba m'buku mwawo kuti azikachita mafizo. Funso langa ndi ili: munthu sanathyoke, sanachite sitiroko, mafizowo akukakonza chiyani? Adokotala omwewo anatiuza poyera kuti matendawa sachira. Ndiye tizitaya ndalama ya kabaza ndi kumawatopetsa akuluakulu pa chinthu chosachira? Achimwene anga akuti tiwasiye apume, tiziwachitira zonse ife ana. Ine mtima uli pawiri. Amene mwadwazikapo matendawa, tiuzeni zoona zake.

Kabaza_wa_Senga:
Pepani achemwali ndi matenda. Koma mawu oti ndalama ya kabaza ndi yotaya aja mubweze, ifenso tili ndi ana.

Mlamu_wa_Chipoka:
Achimwene anuwo akunena zoona. Manjenje ndi ukalamba basi. Agogo anga ankanjenjemera mpaka tiyi kutayika, sanapiteko ku mafizo, ndipo anamwalira ali nkhalamba yeniyeni. Munthu wagwira ntchito zaka zonsezo, lero mukamuimike pamzere kuti kwezani manja, tsitsani manja? Ulemu wake uli pati?

Wa_Mafizo:
A Nabanda, ine ntchito yanga ndi yomweyi, ndiye ndiyankhe mofatsa. Adokotala sananame, matendawa sachira, ndipo mafizo sawachiza. Koma funso loyenera si lakuti achira kapena ayi. Funso n'lakuti zaka zikubwerazi bambo azidzuka okha pampando, kusamba okha, kupita okha kuchimbudzi, kapena azidikira munthu wowanyamula.

Chimene chimachitika ndi ichi. Mkati mwa ubongo muli kachigawo kotchedwa substantia nigra, komwe maselo ake amapanga dopamine. Dopamine ndi amene amathandiza kuti thupi liziyenda lokha osachita kuganizira, monga mmene inu mumaponyera manja poyenda osadziwa n'komwe. Maselo amenewa akamafa pang'onopang'ono, chilichonse chimene thupi limachita chimachepa: sitepe imafupika, manja amasiya kuponyedwa, mawu amatsika, zilembo polemba zimakhala ting'onoting'ono, nkhope imangoti duu ngakhale munthu akusangalala. Chovuta n'chakuti mwini wake sazindikira kuti zachepa. Iye amaona ngati akuyenda bwinobwino.

Mapilitsi a levodopa amabwezeretsako dopamine uja. Koma sangatambasule minofu ya pachifuwa imene yafupika chifukwa chowerama, sangalimbitse ntchafu zimene zafooka chifukwa chokhala pansi tsiku lonse, ndipo pa nkhani ya kudzandira ndi kugwa amathandiza pang'ono chabe. Mbali imeneyo ndiye yathu. Timaphunzitsa munthu kuchita zinthu mokuza dala: sitepe yaikulu, chidendene chiyambe kugunda pansi, manja aponyedwe kwambiri, chifuwa chitseguke. Kwa iye zimaoneka ngati akukokomeza, koma kwa woonerera ndiye kuyenda kwabwino kumene. Ku America kuli ndondomeko yotchedwa LSVT BIG yomangidwa pa mfundo yomweyi, ya ola limodzi patsiku, masiku 4 pa sabata, kwa masabata 4. Kuno sitingakwanitse kumuona munthu mmodzi kangapo konseko, koma mfundo yake siifuna makina, mungaichite pakhonde.

Ndiye za kupuma zija. Munthu wa Parkinson's mukamukhazika pansi n'kumamuchitira zonse, pakangotha miyezi yochepa miyendo imafooka, mawondo ndi m'chiuno zimauma, kudzimbidwa kumakula, ndipo tsiku limene adzayese kudzuka ndi limene adzagwe. Kupuma kumeneko ndi kumene kumamugoneka msanga.

Mlamu_wa_Chipoka:
Inu mukuteteza malonda anu.

Wa_Mafizo:
Ku chipatala cha boma mafizo salipiritsa, a Mlamu. Odwala akachuluka ine malipiro sakwera.

Mphunzitsi_Wopuma_KK:
Ndilankhuleko ine mwini matendawa, ndili kuno ku Nkhotakota. Kulemba kumanditengera nthawi, chala chimadumpha, ndiye mundipirire.

A Mlamu, za ulemu mwanenazo ndazimva, koma ulemu umene ine ndimaufuna ndi wodzimangira ndekha mabatani a malaya. Ana anga poyamba ankandikonda mopitirira: ndikafuna kudzuka wina wandigwira kale kukhwapa, ndikatambasula dzanja kuti nditenge kapu wina wandipatsira kale. Ndinawauza kuti ngati mukufuna kundithandiza, ikani manja kumbuyo, imani pafupi, dikirani. Batani limodzi limatha kunditengera nthawi yoti wina akadavala n'kufika kumsika, koma ndi batani langa.

Tsiku langa limayenda chonchi. Ndikamwa mapilitsi a m'mawa ndimadikira kaye mpaka ndimve thupi lamasuka, chifukwa kuchita mafizo mankhwala asanagwire ndi kulimbana ndi khoma. Ndikatero ndimagona chagada pamkeka, mawondo opinda, n'kumawagwetsera kumanja, kumanzere, kuti m'chiuno mumasuke. Kenako chafufumimba pang'ono kuti msana uwongoke. Ndikadzuka ndimakhala pampando wolimba n'kumaimirira ndi kukhala, kuimirira ndi kukhala, mpaka ntchafu zitenthe. Ndiye ndimayenda, dzuwa lisanakwere, chifukwa kutentha kwa kunyanja kuno kumandifoola kuposa matendawo. Madzulo bawo. Musaseke, kutola nkhomo ndi kuzigawa m'maenje ndi ntchito ya zala.

Ndikajomba sabata imodzi, mwina chifukwa cha maliro kapena malungo, thupi limandiuza lokha. Zimene mafizo amakupatsa si zosungika, ukasiya zimathawa. Chimenecho ndiye choipa chake, ndipo musanamize bambo kuti akachita mwezi umodzi ndiye athana nazo.

Nabanda_KamuzuRoad:
Zikomo kwambiri aphunzitsi, mwandilimbitsa mtima. A Wa_Mafizo, pali china chimene chimatizunguza mutu. Panja bambo amayenda bwinoko, koma akafika pakhomo polowa m'nyumba mapazi amangomatirira pansi. Amangogwedera pamalo amodzi. Mayi amawakoka dzanja, nthawi zina mpaka kukangana, amvekere mukuchita dala chifukwa pompano mumayenda.

Wa_Mafizo:
Sachita dala, ndipo chonde mayi asiye kuwakoka. Mukakoka dzanja, thupi lam'mwamba limapita kutsogolo mapazi atatsala, ndiye kugwa kumeneko. Kumatirira kotereku n'kodziwika kwambiri pa matendawa. Kumakonda kubwera pamalo opanikizika monga pakhomo, potembenuka, poyamba kuyenda, pagulu la anthu, kapena munthu akamafulumizitsidwa.

Zikachitika, choyamba aime, asalimbane nazo. Awongoke, apume mpweya. Kenako asunthire thupi ku mwendo umodzi, ku winawo, ngati akuyendera pamalo amodzi, ndiye aponye sitepe imodzi yaikulu. Ambiri zimawathandiza akamawerenga mokweza, wani, thuu, wani, thuu, kapena wina akamawaombera m'manja mwa kayendedwe. Njira ina ndi ya maso: jambulani mizere yopingasa pansi ndi choko kapena makala, kuyambira panja kudutsa pakhomo mpaka m'kati, motalikirana ngati sitepe yabwino ya munthu wamkulu. Muwauze kuti asaganize zoyenda, aganize zolumpha mzere. Chifukwa chake n'chakuti mbali ya ubongo yoyendetsa thupi mosaganizira ndi imene yavuta, koma mbali yotsatira chimene maso aona kapena makutu amva ikadali bwino, ndiye timadutsira kumeneko. N'chifukwa chake mudzaona munthu wolephera kudutsa pakhomo akukwera masitepe bwinobwino.

Potembenuka asazungulire pa phazi limodzi, ayende mozungulira bwalo lalikulu. Akamayenda musawafunse mafunso, ndipo asanyamule kapu ya tiyi, zinthu ziwiri nthawi imodzi zimasokoneza. Chotsani kamkeka kopondera pakhomo, ndowa ndi nsapato za ana m'njira. Mapatapata ayi, avale nsapato zogwira chidendene.

Mganda_Boy:
Ngati nkhani ndi wani thuu wani thuu, bwanji osangowabweretsa ku mganda? Ng'oma yaikulu ija ikamagunda ngakhale wopunduka mtima amaponya mwendo.

Wa_Mafizo:
Mukuseka koma mwalasa. Kuvina ndi imodzi mwa njira zimene zafufuzidwa ndithu, kunja amagwiritsa ntchito gule wa tango, ena tai chi wa ku China, ena nkhonya zomenya thumba osati munthu. Chofunika ndi kugunda komveka bwino kosasinthasintha. Mganda uli nako. Kungoti ayambe ndi ng'oma yodekha, pabwalo losalala, wina ali pambali.

Che_Maganga:
Mganda wachani, telala wa pa Salima amadziwa beni. Mganda ndi wa anthu a kumtunda.

Mganda_Boy:
Beni ndi wothamanga uja, mukufuna akuluwo athyoke? Komanso ndani anakuuzani kuti ku Salima kulibe mganda, mudafikako kwa Khombedza inu?

Che_Maganga:
Kwa Khombedza ndimadutsa popita ku Dwangwa, sindinaonepo china koma mbuzi pamsewu.

Mtumiki_77:
Abale, m'malo motumiza munthu wodwala ku magule, tiyeni timutengere ku mapemphero. Palibe nthenda yokanika pamaso pa Mulungu. Madokotala akati sichira, ndi pamene Iye amayambira.

Mayi_wa_Kwaya:
A Mtumiki, pemphero ndi lofunika, palibe akukana. Koma Papa Yohane Paulo Wachiwiri, yemwe uja anabwera kuno ku Malawi mu 1989, anadwala matenda omwewa zaka zake zomaliza, dziko lonse likumupempherera, ndipo madokotala sanawathamangitse. Tipemphere uku tikumwa mankhwala. Chimene ndikuopa ine ndi aja amauza odwala kuti tayani mapilitsi mwachira.

A Nabanda, ngati bambo amaimba, asasiye. Kwathu kuno tili ndi bambo wina wa matendawa amene polankhula mumachita kutchera khutu, koma nyimbo ikayamba mawu amatuluka ndithu. Timamuika kutsogolo dala.

Wa_Mafizo:
Zimenezo n'zabwino kwambiri mayi. Mawu nawo amafuna mafizo awo: kukoka mpweya wambiri n'kunena aaa mokweza ndi motalika, kuwerenga nyuzi kapena buku mokweza ngati ukulankhula ndi munthu wa tsidya la msewu. Muwauze abale asamangoti tamva pomwe sanamve, aziti bwerezani mokweza.

Ankolo_Benga:
Ine ndingofunsa mosapsatira. Akuluwa sankamwako kachasu? Chifukwa manjenje amene ine ndimawadziwa ndi amenewo. Apo ayi muyang'ane bwino kumsika komwe amasokerako, telala akachulukitsa makasitomala anzake sakondwa.

Nabanda_KamuzuRoad:
Bambo anga sanalaweko mowa chibadwire, ankolo. Ndi mkulu wa mpingo.

Namwino_Wakale:
Ankolo a ku Benga, manjenje si amodzi. A mowa amabwera munthu akausowa, m'mawa makamaka, manja onse awiri, ndi thukuta. Palinso ena oyenda m'magazi a banja, amene amabwera dzanja likamagwira ntchito, ponyamula kapu kapena polemba, nthawi zina mutu nawo umagwedera. Ndikuganiza kuti agogo a Mlamu_wa_Chipoka aja anali ndi amenewa, n'chifukwa chake tiyi ankatayika koma anakalamba akuyenda. A Parkinson's ndi osiyana: amayamba mbali imodzi, amaoneka dzanja likangokhala pamwendo, zala zikuchita ngati zikupota kanthu, ndipo dzanjalo likayamba ntchito amachepa. Komanso chachikulu pa matendawa si manjenjewo ayi, ndi kuchedwa ndi kuuma kwa thupi. Alipo odwala amene sanjenjemera n'komwe.

Za kulodzana zija tisiye. Matendawa ali dziko lonse. Dokotala wa ku London, James Parkinson, anawafotokoza mu 1817, ndipo bungwe la WHO linati mu 2019 anthu oposa 8.5 miliyoni anali nawo. Muhammad Ali, katswiri wa nkhonya uja, anapezeka nawo mu 1984 n'kukhala nawo mpaka 2016. Amagwira kwambiri anthu opitirira zaka 60, abambo kuposa amayi, ngakhale achinyamata ena amawadwala. Sapatsirana, mutha kudyera mbale imodzi. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti kumudzi nkhalamba ya nkhope youma, yosaphethira, yolankhula motsitsa, yobwebweta ndi kumenya manja kutulo, anthu amayamba kuiloza chala kuti ndi mfiti, pomwe zonsezo ndi zizindikiro za matenda omwewa. Ndipo kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu m'malamulo a dziko lino.

China chimene ndimafunsa banja lililonse: wodwalayo akumwa mankhwala ena ati? Haloperidol ndi chlorpromazine, a matenda a maganizo, komanso metoclopramide woletsa kusanza, amatha kubweretsa zizindikiro zofanana ndi Parkinson's kapena kuzikulitsa. Mukapita kuchipatala ndi vuto lina lililonse, nenani kuti munthuyu ali ndi Parkinson's asanakulembereni mankhwala.

Mlimi_wa_Thonje:
Ine ndinamva kuti mankhwala a matendawa ali mu kalongonda. Ndipo chitedze ndi m'bale wake. Bwanji osangodzala kuseri kwa nyumba m'malo movutika ndi mapilitsi osowawo? Ku Lilongwe ku famase mtengo wake ndi woopsa.

Kabaza_wa_Senga:
Chitedze ndiye mafizo enieni. Mungowawaza pang'ono, sitepe yaikulu ibwera yokha.

Nabanda_KamuzuRoad:
Inu a Kabaza, bambo anga amenewo!

Namwino_Wakale:
A Mlimi simunaname kwenikweni. Njere za kalongonda zilidi ndi levodopa, ndipo madokotala ofufuza anaziyesapo kwa odwala poganizira mayiko omwe mapilitsi ndi odula. Koma taganizani chifukwa chimene amayi a kummwera amaphikira kalongonda tsiku lonse n'kumataya madzi kangapo. Akapanda kutero anthu amasanza, mutu umazungulira, ena amasokonezeka. Chimene amataya m'madzimo ndi levodopa yemweyo. Ndiye wophikitsa alibe mankhwala okwanira, wosaphikitsa simudziwa kuti muli wochuluka bwanji, chifukwa njere zimasiyana mphamvu. Komanso m'mapilitsi muja amaphatikizamo carbidopa, amene amateteza levodopa kuti asathere m'njira asanafike ku ubongo ndiponso amachepetsa nseru. Mu kalongonda mulibe. Munthu amene ali kale pa mapilitsi mukamuwonjezera kalongonda mwamseri mutha kumuona akupotokola thupi kapena kuona zinthu zomwe palibe. Ngati mapilitsi asowa, kambiranani ndi adokotala, osadziyesera kukhitchini.

Mlimi_wa_Thonje:
Kambiranani ndi adokotala, adokotala ake ati? Ife tikapita amangoti mankhwala amenewo kulibe, kagule. Munthu wa kumudzi atani? Inu mumayankha ngati tonse tili pa malipiro.

Namwino_Wakale:
Pamenepo sindikutsutsani, kusowa kwa levodopa ndi vuto lenileni. Nthawi zambiri amene amapezeka ndi benzhexol, ena amati Artane. Amachepetsako manjenje, koma kwa okalamba amaumitsa kukamwa, amadzimbitsa, amavutitsa pokodza ndipo amatha kusokoneza mutu. Chimene ndingapemphe a Nabanda n'chakuti musadikire botolo lithe. Levodopa sasiyidwa mwadzidzidzi, munthu amatha kuuma thupi lonse ndi kutentha mpaka kugonekedwa. Mapilitsi akatsala a masabata awiri yambani kusaka ena.

Ndiwonjezere za chakudya, poti zikukhudza mafizo. Levodopa amalimbirana njira ndi zakudya zomanga thupi, monga nsomba, nyama, nyemba, mazira ndi mkaka. Akamwera pamodzi ndi nsima ya usipa, mankhwala amatha kuchedwa kugwira kapena kugwira mofooka. Ambiri amawalangiza kumwa mphindi 30 asanadye, kapena patapita ola atadya. Akamva nseru, kachidutswa ka buledi kapena nthochi n'kokwanira. Sindikuti asiye nsomba, thupi likuzifuna, kungosiyanitsa nthawi basi. Ndipo madzi ambiri, masamba, mapapaya, chifukwa m'mimba mukauma mankhwalanso sayenda bwino.

Che_Maganga:
Usipa wake uti woti n'kulimbana ndi mankhwala? Kambale kamene tinkagula osaganiza lero ukafunsa mtengo umayamba wekha kunjenjemera. Ife a m'mbali mwa nyanja tikudya bonya, chambo chikupita ku Lilongwe.

Ankolo_Benga:
Chikupita bwanji ndi msewu wa M5 umenewu? Munthu ukachoka ku Benga kufika pa Kamuzu Road msana umakhala utachita kale mafizo.

Mganda_Boy:
Ndiye musanene, minibasi ina inatitsitsa pa Thavite kuti tikankhe.

Admin_Salima:
Abale, za msewu ndi usipa zili ndi malo ake. Mlongo wathu wafunsa za bambo ake. Tibwerere.

Mchimwene_wa_Nabanda:
Ndine mchimwene wake uja akunenedwayu, andilowetsa pa gulu kuti ndiwerenge ndekha. Ndawerenga zonse. Koma inu simunaone zimene ndinaona ine. Bambo anadzuka pampando kuti akatenge wailesi, anangoti sitepe ziwiri n'kugwa chagada, mutu unaphonya pang'ono mwala wa pakhonde. Ndinawanyamula ndine. Mlongo wangayu anali kuntchito. Ndiye wina akamati muwasiye aziyenda okha, ine ndimaona mwala uja. Akathyoka m'chiuno, a pa gulu lino mudzabwera kudzawatembenuza usiku?

Mphunzitsi_Wopuma_KK:
Mwana wanga, mantha akowo ndi a munthu wokonda bambo ake, palibe angakudzudzule. Inenso ndinagwapo, kangapo. Koma ndikufunse: kuchokera tsiku limenelo, bambo ako akuyenda bwino kuposa kale, kapena moipirapo? Ndipo ukawayang'ana m'maso atakhala pampando paja tsiku lonse, makina awo atavundikiridwa nsalu, umaona munthu amene akupuma?

Mchimwene_wa_Nabanda:
Moipirapo. Koma si mmene matendawo amayendera?

Wa_Mafizo:
Mbali ina ndi matenda, mbali ina ndi mpando. Achimwene, nkhawa yanu ndi yoona, kugwa ndi kumene timaopa kwambiri pa matendawa, ndipo palibe angakulonjezeni kuti sadzagwanso. Komanso sitikuti muwasiye okha. Tikuti muime pambali, chakumbuyo pang'ono, mbali imene ili yofooka, iwo akuchita okha.

Kugwa mwafotokozaku kwandipatsa maganizo awiri. Choyamba, odwala ambiri a Parkinson's BP imatsika akaimirira mwadzidzidzi, chifukwa cha matendawo komanso mankhwala, makamaka nyengo yotentha ngati ya ku Salima mu Okutobala. Amaona chizungulire kapena mdima. Kawayezetseni BP atagona, kenako ataimirira, ndipo ngati amamwanso mankhwala a BP adokotala adziwe. Akadzuka pogona ayambe akhala kaye, akaimirira aime kaye pang'ono asanaponye phazi.

Chachiwiri ndi kadzukidwe. Mpando wa ndalema ndi sofa yobira ndi adani. Apezereni mpando wolimba, wautali bwino, wokhala ndi mogwira. Podzuka asunthire kutsogolo kwa mpando, mapazi awabweze kumbuyo pansi pa mawondo motalikirana pang'ono, aweramire kutsogolo mpaka mphuno ipitirire zala za kumapazi, ndiye akankhe. Ambiri amagwa chagada chifukwa amadzuka thupi lili kumbuyo. Zimenezi azibwereza tsiku lililonse inu muli pomwepo. Kukhazikika pa miyendo aziphunzira ataima pakona ya chipinda, khoma kumbuyo ndi m'mbali, mpando kutsogolo. Ndipo tikakumana tidzawaphunzitsa kudzuka pansi akagwa: kutembenukira chammbali, kugwada, kukwawira ku mpando, kuponda ndi phazi limodzi, kukwera. Munthu wodziwa kudzuka mantha amachepa.

Mayi_wa_Kwaya:
Nanga ndodo? Ndi kusisita ndi mafuta otentha kuja?

Wa_Mafizo:
Kusisita kumatsitsimula, kumachepetsa kuwawa kwa kanthawi, palibe choipa. Koma ndi ntchito ya manja a wosisitayo, wodwala sanachite kanthu, ndiye musakuwerengere ngati mafizo. Ndodo imathandiza ena, ena amangoinyamula m'mwamba kapena kupunthwa nayo, ndipo ikafupika imawonjezera kuwerama. Asanagule tiwaone kaye akuyenda.

Kabaza_wa_Senga:
Zoona tsopano, osaseka. Kuyenda pamchenga kunyanja kuno kungawathandize? Ndimaona azungu akuthamanga m'mawa.

Mphunzitsi_Wopuma_KK:
Mchenga wouma wobira uja ine umandigwetsa, phazi limakana kutuluka. Wonyowa wolimba wa m'mphepete mwa madzi ndiye bwino. Koma m'madzi ndekha sindilowanso, ngakhale ndinakulira kusambira. Thupi likakumatira uli m'madzi palibe mzere wa makala woti ulumphe.

Nabanda_KamuzuRoad:
Ndiye tiyambire pati? Ku Lilongwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100, sitingathe sabata ndi sabata.

Wa_Mafizo:
Simukuyenera kutero. Yambani pa chipatala cha boma ku Salima konko, tengani buku lija mufunse a mafizo. Anthu a ntchitoyi akadali ochepa m'dziko muno, digiri yake inayamba mu 2010 ku College of Medicine, komwe pano ndi KUHeS, koma m'maboma mumapezeka ma rehabilitation technician, ophunzitsidwa kuthandiza odwala pa mafizo, odziwa ntchito. Mukapita pitani nonse awiri ndi achimwene, pa nthawi imene mankhwala agwira, ndipo munene kuti mukufuna akuphunzitseni zochita kunyumba. Jambulani pa foni akamaonetsa. Mukatero kubwerera kumakhala kwa apo ndi apo, kukaona ngati pakufunika kusintha. Ku Kamuzu Central muzipita pa masiku a adokotala oona za mankhwala. Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre iliponso, koma pa mmene mwawafotokozera bambo sindikuona chifukwa chopitira kutali choncho panopa.

Mlingo wake, lingani mphindi 150 pa sabata za kuyenda kofulumirako, koti munthu apume mwamphamvu koma n'kumatha kulankhula. Ndi mphindi 30 masiku 5, ndipo mutha kuzidula, 10 m'mawa, 10 masana pamthunzi, 10 madzulo. Poti akhala nthawi osayenda, yambani pang'ono. Akamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire, aime. Mukaona akutsamwa kapena kutsokomola pakudya, nenani msanga kuchipatala, chifukwa chakudya chikalowera ku mapapo chimabweretsa chibayo. Azidya atakhala tsonga, matongo ang'onoang'ono, osalankhula chakudya chili m'kamwa.

Ndipo makina aja avundukuleni. Kupalasa ndi mapazi, kudula nsalu, kusoka ngakhale mapilo okha, zonsezo ndi ntchito ya thupi ndi mtima womwe. Kulowetsa ulusi mu singano adzukulu angathandize.

Mlamu_wa_Chipoka:
Ine ndikadali pomwe ndinali, nkhalamba ndi yofunika kupuma. Koma za makinazo ndavomera. Ndili ndi mabuluku awiri ofuna kupinda.

Mchimwene_wa_Nabanda:
Ndipita nawo ndine kuchipatalako, ndikamve ndi makutu anga. Koma mwasiya chimodzi chimene chimandisowetsa tulo. Chimbudzi chathu ndi chokumba, chili kuseri, ndipo kunjuta sangathenso. Usiku ndiye musanene.

Namwino_Wakale:
Usiku asatuluke, muwaikire chigubu chodula kapena ndowa ya chivundikiro pafupi ndi bedi, ndi tochi poti afikire. Masana pamafunika mpando wobowola pakati woika pa dzenje, ndi mtengo wolimba wokhomera kukhoma kuti azigwira. Njira yopita kumeneko muisalaze, mizu ndi miyala zichoke mvula isanayambe.

Kalipentala_Lifuwu:
Mipando imeneyo ndimapanga. Muyeze kuchokera pansi kufika kuseri kwa bondo lawo ataima, mundiuze, ndiwonjezerapo pang'ono kuti podzuka asavutike. Matabwa a mlombwa ndi odula, koma a bulugamu okhuthala amakwana, bola miyendo ikhale yotambalala kuti usapendame. Munditumizire muyesowo ku inbox, Loweruka ndikubwera ku boma kudzagula misomali.